Timadontho ta Kyutekisi pa Tabuleti ya Loyce

Loyce Matewere ndinamutola ndine pa depoti ya mabasi ya Renkini, ndipo bodza limene linatsala pang'ono kumusowetsa pogona ndinaliphika ndine. Ndanena zimenezi poyambirira kuti wina asamuweruze yekha. Ine ndine Dorcas, ndimachapa ndi kusita m'nyumba za ku Raylton kuno ku Bulawayo, ndipo pakamwa panga pamathamanga kusiya mutu m'mbuyo.

Munali mu 2019, tsiku limene ndinapita kukatumiza katundu pa basi. Ndinaona mtsikana atakhala pa chikwama chamizeremizere, akuyang'ana pamene basi ina inali itangochoka kumene. Ankadzilankhula yekha chapansipansi, ndipo nditamva Chichewa cha ku Ntcheu ndinaima. Anandiuza kuti anachoka ku Tsangano ndi mwamuna wake, Elton, ulendo wa ku Joni. Atafika muno Elton anati njira yotsalayo ndi yoopsa kwa mkazi, iye atsogole akakonze malo, adzamuitana. Anamusiyira tabuleti yong'aluka pakona kuti azilankhulana. Ndinamutengera kuchipinda changa ku Lobengula, ndipo iye ndi Elton analankhulanadi miyezi iwiri. Kenako nambala ya Elton inasiya kupezeka, mpaka lero.

Sukulu Loyce analekeza Sitandade 3, mayi ake atadwala. Manambala ankawadziwa bwino poti anakulira pamsewu akugulitsa mbatatesi, koma zilembo zinkamuthawa. Chimene Mulungu anamupatsa ndi khutu. Itatha miyezi isanu ndi umodzi ankalankhula Chindebele mpaka amayi a pamsika kumufunsa kuti kwawo ndi ku Nkayi kapena ku Tsholotsho. Ankatengera mawu a oitanira anthu pa timabasi ta makombi, ine n'kuseka mpaka nthiti kuwawa. Ku kwaya nyimbo ankaimva kamodzi basi, kwinaku atagwira buku lotsegula kuti anzake aziti akuwerenga.

Koma mtima wake unali m'mwamba tsiku lililonse. Masiku a pa pasipoti yake anali atatha kalekale, ndipo akangoona yunifolomu, ngakhale ya mlonda wa pa sitolo, ankakhotera njira ina. Mwini nyumba ku Lobengula nayenso anayamba kung'ung'udza kuti chipindacho anabwereketsa munthu mmodzi, osati awiri. Loyce ankafunika malo okhala ndi mpanda, kumene palibe womufunsa mapepala.

Malowo anapezeka chaka chatha kwa a Fraser Sakala, nyumba yachitatu kuchokera kumene ndimachapa Lachiwiri. A Sakala ndi mkulu wa zaka 79, anayendetsa sitima zaka zoposa makumi atatu. Bambo awo anachokera ku Chipata, iwo anabadwira muno, akazi awo anamwalira, ndipo maso anawathera ndi matenda a shuga. Mwana wawo wamkazi, Nobuhle, amagwira ntchito mu famase, mogulitsira mankhwala, ku Francistown ndipo amabwera Loweruka loyamba la mwezi uliwonse. Ankafuna munthu wogona pomwepo, m'kachipinda kakuseri, woti aziphika, aziwapatsa bambo mankhwala, ndipo koposa zonse aziwawerengera buku masana aliwonse. Anali atayesa kale kuwaikira mabuku omvetsera pa foni, koma mkuluyo anakanitsitsa. Anati makina sapuma mpweya, iwo akufuna munthu wamoyo pambali pawo.

Nobuhle anandifunsa pa mpanda ngati ndikudziwa mtsikana wokhulupirika wodziwa kuwerenga Chingerezi. Ndisanaganize n'komwe, pakamwa panga panayankha kuti ndili naye, wa Fomu 4.

Nditamuuza Loyce, sanandikalipire. Anangokhala pansi n'kugwira mutu, ndipo ine ndinachita manyazi. Koma m'mawa mwake anali atapeza njira, ndipo njirayo inali yakeyake, ine sindinaikepo nzeru. Sabata yoyamba ku Raylton anati akuzolowera kaye nyumba. Kenako anatenga buku limene a Sakala anasankha n'kupita nalo kwa Sithembile, mayi wokonza mafoni m'kashopu kena pafupi ndi Renkini. Sithembile anayang'ana chikuto, anafufuza, ndipo anapeza buku lomwelo lowerengedwa ndi mzungu wina. Analiika pa tabuleti ya Elton ija n'kumuonetsa Loyce mabatani ake.

Mawu olembedwa pa mabataniwo Loyce sakanawawerenga, choncho anagula kyutekisi wopaka zikhadabo. Pa batani loimitsa ndi kupitiriza anadontheza wofiira. Pa lobweza mawu m'mbuyo pang'ono anadontheza wachikasu. Pa lochepetsa liwiro la mzunguyo anadontheza woyera. Kadontho kalikonse anakabwereza katatu mpaka kanatupa pa galasi, kuti chala chizikamva osayang'ana. Mitu ya bukulo inali m'ndandanda wa manambala, ndipo manambala sanali vuto kwa iye.

M'mawa akamasita ankamvetsera gawo la tsikulo katatu. Ikakwana 3 koloko a Sakala ankakhala pa mpando wawo pakhonde, Loyce pa kampando, buku pamiyendo, tabuleti pansi pa chitenje. Kachingwe ka hedifoni kankakwera m'kati mwa bulauzi n'kukabisala m'duku. Mzunguyo akanena mzere umodzi, chala pa chofiira, Loyce n'kubwereza. Akaphonya liwu, chala pa chachikasu. Apo ndi apo ankanyambita chala n'kutembenuza tsamba kuti limveke. Ndipo poti khutu lake silisankha, ankatengera ndi kalankhulidwe komwe, Chingerezi cha m'mphuno chimene ngakhale aphunzitsi a m'tauni muno alibe. Nobuhle atamumva koyamba anandithokoza pogwira manja anga onse awiri.

Anatha choncho miyezi isanu ndi itatu, namaliza mabuku awiri. Buku lachitatu linali lalitali, la mitu 41. Linkanena za mayi wina wa kudziko lachisanu amene ankatsegula ndi kutseka geti pamene msewu umadutsa njanji, akudikira mwamuna wake amene anapita kunkhondo. Pofika nthawiyi Loyce anali akumva zambiri za zimene ankanena. Ndinamufunsa tsiku lina chifukwa chake sakungodumpha n'kukamvera kumapeto kuti adziwe ngati bamboyo anabwerera. Anandiyankha kuti akuopa, ndipo sindinafunsenso.

Panali chinthu chimodzi chimene Sithembile anamuchenjeza. Sabata iliyonse pa tabuletiyo pankatuluka kabokosi kofunsa ngati aikemo pulogalamu yatsopano, imene amati apudeti. Sithembile anati nthawi zonse azidina batani lakumanzere, lakumanja asalikhudze. Loyce anamvera miyezi yonseyo osalakwitsa.

Loweruka loyamba la Juni, kukuzizira, Nobuhle anafika ndipo anapeza tabuleti ikutchajidwa kukhitchini, kabokosi kaja kali pa galasi. Mwana wa anthu anachita mokoma mtima. Analumikiza pa wayifayi ya m'nyumbamo n'kudina lakumanja. Potuluka ndi bambo ake kupita kumanda kwa mayi ake, anamuuza Loyce m'chilankhulo chake chosakaniza chija: "Sisi, i-tablet yakho inali yakale kwambiri, ndakupangira update. Mawa ndikhala nawo powerenga, ndijambule pa foni ndimutumizire Mthulisi."

Mthulisi ndi mchimwene wake wa ku Mangalande. Loyce anathokoza, anadikira galimoto ituluke pageti, n'kuyatsa tabuleti. Sipanathe theka la ola, anali ataima pakhomo pamene ndinkasita, milomo itauma. Anangondipatsa chinthucho m'manja.

Bukulo linalimo, koma china chilichonse chinali chitasintha. Ndandanda wa manambala uja kunalibe. Chizindikiro cha pamene analekezera chinali chitafufutika. M'malo mwake munali kamzere kamodzi kopyapyala, kotalika ngati chala changa, ndipo maola onse 19 a bukulo anali atapanikizidwa m'kamzere kameneko. Ukakakhudza pang'ono chabe, mzungu ankadumpha ola lathunthu. Kadontho kofiira kanali kakadali pa batani lake, koma koyera kanali pa malo opanda kanthu. Koopsa kanali kachikasu. Pamene kale pankabweza mawu m'mbuyo, tsopano pankadumphira mutu wotsatira.

Tinasiya simbi ili yotentha n'kuthamangira kwa Sithembile. Mayiyo anayesa izi ndi izi, anazimitsa n'kuyatsanso, kenako anapukusa mutu. Anati yakale ija singabwererenso, eni ake anaichotsa, ndipo anthu ambiri akudandaula zomwezi. Batani lochepetsa liwiro analipeza litabisidwa kuseri kwa mawu atatu olembedwa, koma galasi likangozima mzungu ankabwerera pa liwiro lake lenileni. Lobweza m'mbuyo linali litasamukira mbali ina, litachepa ngati kambewu ka mpunga.

Ine ndinapsa mtima mpaka anthu odikira basi anayamba kusuzumira. Ndinafunsa kuti ndani anawapempha anthu amenewa kukonza chinthu chosawonongeka. Munthu wakhala pa mpando wofewa kudziko lakutali, wakhuta, waona kuti manambala sakukongola, n'kuwachotsa. Sakudziwa kuti kuli mayi wina ku Raylton amene denga lake lagona pa manambala omwewo. Ndikanamupeza ndikanamusinthira zitseko za nyumba yake ali kuntchito, kuti pofuna kulowa kuchipinda azikapezeka kubafa. Sithembile anandisiya ndilankhule mpaka nditatopa, kenako anakoka kamzere kaja pang'onopang'ono ndi nsonga ya chikhadabo, Loyce akumvetsera, mpaka anapeza poyambira mutu 22. Anati asazimitse, asakhudze, angoisiya pomwepo. Loyce anapala kadontho kachikasu ndi lezala n'kudontheza kena pa malo atsopanowo.

Pobwerera ndinamuuza kuti mawa anamizire kuti pakhosi pakumuwawa. Anandiyang'ana ngati ndine mwana, n'kundikumbutsa kuti Nobuhle ndi wa mu famase, amutsegulitsa kukamwa. Ndinati abise buku. Anati a Sakala amagona nalo pamutu pa bedi. Tinayenda mpaka pa njanji, ndipo pamenepo anandifunsa ngati mwini nyumba wa ku Lobengula angamulolenso. Ndinadziwa kuti sangalole, ndipo iyenso ankadziwa.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi Nobuhle anandiitana kuti ndichape makatani. Ndinali pa chingwe choyanikira, mapazi ochepa kuchoka pakhonde, ndipo ndinaona zonse. A Sakala anakhala pa mpando wawo atafunda bulangeti m'miyendo. Nobuhle anakhala pa sitepe, foni ili m'manja ikujambula. Loyce anatsegula buku chapakati, dzanja lamanzere likulowa pansi pa chitenje. Kunkazizira, koma thukuta linali likutsika m'mbali mwa duku.

Mizere yoyamba inayenda bwino, ndipo ndinayamba kupuma. Koma mzunguyo tsopano ankalankhula pa liwiro lake lenileni, ndipo pa mzere wina wautali Loyce anaphonya theka. Ndinaona mkono wake ukusuntha pang'ono pansi pa chitenje. Mutu wake unkadziwa kuti kadontho kasamuka, koma chala chinali ndi miyezi isanu ndi itatu ya chizolowezi chake, ndipo chinapita pa malo akale. Loyce ananena mzere umene anamva. Mayi wa m'bukulo, amene mphindi yapitayo anali akudulira mwana wake buledi, mwadzidzidzi anali ali m'chipatala. A Sakala anakweza nsidze.

Loyce anazindikira kuti wasochera, ndipo mantha anamulanda dzanja. Anadina kuti abwerere, anadinanso, anadinanso, chala chikumenya pamalo pomwe paja. Sindikudziwa kuti anadina kangati. Kuwerenga kunaima, ndipo Nobuhle anachotsa maso pa foni n'kumuyang'ana. Loyce anangogwira mawu oyamba amene anamveka m'khutu mwake n'kuyamba kuwabwereza, mzere ndi mzere, osaimanso.

Ndimamva Chingerezi mokwanira kuti nditsatire. Mayi uja anali atakalamba. Njanji inali itatsekedwa, sitima yomaliza inali itadutsa, ndipo iye anatseka geti lake komaliza n'kupachika kiyi pa msomali. Mwamuna wake sanabwerere. Mawu a Loyce anayamba kunjenjemera pamenepo, misozi ikutsika, koma pakamwa panapitiriza pokha monga panazolowera. Ndipo m'Chingerezi chake cha m'mphuno chija ananena momveka bwino kuti mwakhala mukumvetsera buku lakuti, wowerenga anali wakuti, zikomo chifukwa chomvetsera.

Anadzigwira pakamwa, koma mawu anali atatuluka kale. Buku linali lotsegula pakati penipeni, masamba mazana awiri ali mbali iyi osakhudzidwa. Ine katani lonyowa linagwera m'dothi ndipo sindinalitole.

Nobuhle anazimitsa foni n'kuiika pansi. Sanakweze mawu. Anati, "Sisi, vula duku."

Loyce anavula. Kahedifoni kanagwera pa phewa, kakulendewera pa chingwe chake. Nobuhle anatenga buku lija, anatsegula tsamba loyamba, n'kuloza mzere umodzi ndi chala. Loyce anauyang'ana nthawi yaitali, kenako anapukusa mutu.

Ndinkaganiza kuti Nobuhle akwiyira za bukulo, koma nkhope yake inachita mantha, osati ukali. Anaimirira n'kufunsa kuti nanga mankhwala a bambo ake wakhala akuwapatsa bwanji miyezi yonseyi, munthu wa shuga ndi mtima, amene piritsi limodzi lolakwika likhoza kumugoneka. Loyce analowa m'nyumba n'kubwera ndi mabotolo asanu. Anawatembenuza limodzilimodzi. Pansi pa lililonse panali timadontho ta kyutekisi, kofiira ka m'mawa, koyera ka madzulo, tiwiri ngati mapiritsi ali awiri. Anafotokoza kuti tsiku loyamba Nobuhle mwini anawerenga botolo lililonse mokweza, iye anasunga m'mutu n'kudontheza pomwepo. Akabwera mabotolo atsopano ankabwera nawo kwa ine kuti ndimuwerengere.

Apo Nobuhle anatembenukira kwa ine, ndipo zimene anandiuza zinali zoona zonse, choncho sindizibwereza. Pomaliza anati iye sangagone tulo ku Francistown bambo ake ali m'manja mwa munthu wongoloweza. Anati fomu ya kunyumba yosungirako okalamba ali nayo kale m'chikwama, inangotsala kusayinidwa, ndipo Loyce ayambe kulongedza. Loyce anangoima, duku lili m'manja, akuyang'ana geti.

Apo a Sakala analankhula. Kawirikawiri amalankhula Chindebele kapena Chingerezi, koma tsikulo anatulutsa Chinyanja cha bambo awo, pang'onopang'ono, ngati akuchitola pansi.

"Nobuhle, khala pansi. Buku ili ndinaliwerenga kawiri maso ali bwino. Lili ndi masamba 412. Tili pa mutu 22, koma mwana uyu watembenuza kale masamba oposa 700. Ndakhala ndikuwerenga masamba amene amatembenuza. Amatembenuza akasowa chochita ndi manja."

Anapitiriza kuti kamawu ka m'duku anakamva tsiku loyamba lomwe la kuwerenga, kakulira ngati udzudzu. Munthu amene wakhala zaka makumi atatu akumvetsera injini kuti adziwe pamene yadwala sungamubisire phokoso. Nobuhle anafunsa chifukwa chake sananene. Mkuluyo anati ankaopa. Ankadziwa za fomu ya m'chikwamayo, ndipo ankadziwa kuti tsiku limene Loyce adzatuluke pageti, iwonso atsatira. Anati tsiku lililonse ikakwana 3 koloko ankakhala pa mpandowo akupemphera kuti mwanayo asalakwitse pali mlendo. Ine ndinkayesa kuti pakhondepo pamakhala wamantha mmodzi, osadziwa kuti anali awiri.

Nobuhle anagwira botolo limodzi, akuyang'ana timadontho. Kenako anati akupereka mwezi umodzi. Akadzabwera Loweruka loyamba la Julaye, Loyce adzamuwerengere zolembedwa pa mabotolowo ndi maso ake, duku atavula. Akadzalephera, fomu idzasayinidwa tsiku lomwelo.

Mwezi umenewo Loyce anawonda mpaka chitenje kumazungulira kawiri. Chikwama chamizeremizere chija anachilongedza n'kuchiika pansi pa bedi. Tabuleti inalowa m'dirowa, ndipo 3 koloko inasanduka sukulu. A Sakala sakanaona zimene Loyce akulemba, choncho ankatambasula dzanja, iye n'kumalemba chilembo ndi chala pachikhatho pawo. Akalakwitsa ankafumbata dzanja, akakhoza ankalisiya lotsegula. Kenako iwo ankalemba pachikhatho pake, iye n'kutchula. Ine ndinkadutsa ndikaweruka, kumuloza mawu a pa mabotolo mosinthasintha kuti khutu lisamuthandize. Masiku ena zilembo za Sitandade 3 zija zinkabwerera zokha. Masiku ena ankayang'ana liwu limene analiwerenga dzulo lake ngati sanalionepo, n'kuthamangira kuseri kukasanza. Galimoto iliyonse ikachepetsa liwiro pamsewu, onse awiri ankasiya kulankhula.

Loweruka lija Nobuhle anaitanitsa ndi ine ndemwe, kuti wabodza adzaone mapeto a bodza lake. Tinakhala patebulo la kukhitchini, a Sakala kumutu, ine nditaima kumbuyo kwa Loyce. Nobuhle anali atafufuta timadontho tonse ndi thonje n'kusakaniza mabotolo. Anakankhira loyamba patsogolo.

Loyce anaika chala pansi pa zilembo. Chingerezi cha m'mphuno chija kunalibe. Anawerenga ngati mwana wa ku Tsangano, chilembo ndi chilembo, akubwerera, akukakamira, koma anafika. Dzina la mankhwala, piritsi limodzi, m'mawa, mutadya. Botolo lachiwiri linamutengera nthawi yoti madzi akanawira m'ketulo. Pa lachinayi anasokoneza m'mawa ndi madzulo, anadzigwira yekha, n'kukonza. Atamaliza lachisanu a Sakala anatulutsa mpweya umene ndikukhulupirira anaugwira kuyambira pa loyamba.

Ndiye Nobuhle anatsegula chikwama chake. Ndinkayesa akutulutsa fomu, koma anatulutsa botolo lachisanu ndi chimodzi, latsopano, limene dokotala anali atangowonjezera. Silinali lotayipidwa ngati enawo. Linali lolembedwa pamanja, zilembo zolumikizanalumikizana. Analiika patsogolo pa Loyce n'kupinda manja.

Loyce analitenga. Analiyandikiza kumaso, analitalikitsa, anaika chala pansi pa liwu loyamba. Chalacho sichinasunthe. Ndinaganiza za chikwama cha pansi pa bedi, za Renkini, za mayunifolomu. Ine kuchokera pamene ndinaima ndinkatha kuwerenga. Ndipo pakamwa panga pomwe paja, pamene panayambitsa zonsezi, panatseguka pokha. Ndinanong'ona dzina la mankhwalawo, ndi theka la piritsi, ndi m'mawa, motsitsa kwambiri moti Nobuhle sanamve. Koma ndinkadziwa khutu limene ndinkalinong'oneza. Ndinaona phewa la Loyce likugwedezeka, ndipo ndinadziwa kuti wamva liwu lililonse. Chinangotsala n'kutsegula pakamwa, monga anachitira masana aliwonse kwa miyezi isanu ndi itatu.

Anaika botolo pansi pang'onopang'ono n'kulikankhira kwa Nobuhle.

"Anti Dorcas andinong'oneza, ndipo ndamva. Koma ine sindikutha kuliwerenga, madamu. Limeneli sindingawapatse agogo."

Ndinafuna pansi pang'ambike ndilowe. A Sakala anagwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja onse awiri. Nobuhle anandiyang'ana kamodzi kokha, kenako anayang'ana Loyce nthawi yaitali, ndipo Loyce sanaweramitse mutu.

"Sisi," anatero Nobuhle, "ya m'mawa ndi colour iti?"

Loyce anayankha kuti yofiira. Nobuhle anamutuma akatenge kyutekisi. Atabwera naye, Nobuhle mwini anatembenuza botolo latsopanolo, anadontheza theka la kadontho pansi pake, n'kuliuzira kuti liume. Kenako anatenga ena asanu aja n'kuwadontheza limodzilimodzi, akutchula lililonse mokweza, Loyce akutsatira zilembo ndi chala. Anati chithunzi cha botolo lililonse latsopano chizifika kwa iye pa foni lisanatsegulidwe, osati kwa Dorcas. Za fomu sananenepo kanthu, ndipo ifenso sitinafunse.

Chikwama chamizeremizere Loyce anachimasula Lolemba lake. Ikakwana 3 koloko amakhalabe pakhonde, Loyce akuwerenga mutu 22 ndi maso ake, duku lili pa phewa, ndipo tsamba limodzi limawatengera masana onse. Fomu ija ikadali m'chikwama cha Nobuhle yosasayinidwa, ndipo tonse tikudziwa kuti ilimo. Galimoto ikayandikira pageti, Loyce amasiya chala pamene chafika, ndipo iye ndi a Sakala amamvetsera mpaka itadutsa.